Makolo akasiyana, konzani tchuthi popanda kudanitsa mwana ndi kholo linalo

Sukulu zikamayandikira kutsekera mu Disembala, m'mabanja amene anatha mumabuka mkangano wa komwe ana akadyere Khirisimasi. Mkanganowo ukatentha, ana amamva mawu amene sadzawaiwala. "Bambo ako anatithawa, lero akukufuna chifukwa wakula." "Amayi ako akanakhala munthu bwenzi tili limodzi." "Ukapita kumeneko usakadye chilichonse chimene mkazi uja angakupatse." Nthawi zambiri wolankhulayo ndi munthu amene anapwetekedwa zenizeni, ndipo zina zimene akunenazo n'zoona. Koma mwana wa zaka 8 alibe posungira mawu otere. Amadziwa kuti nkhope yake ndi ya bambo akewo, kayendedwe ndi ka mayi akewo, tsono mukatukwana kholo lake amamva kuti mwatukwana mbali ina ya iye mwini.

Zotsatira zake zimaoneka msanga. Mwana amayamba kudandaula m'mimba kapena mutu tsiku la ulendo likayandikira. Wamng'ono amene anasiya kukodza pamphasa amayambiranso. Wamkulupo amaphunzira kunama: kuno anena kuti kwa bambo sikunakome, uko anena kuti amayi amamuzunza, chifukwa wazindikira kuti aliyense amasangalala akamva zoipa za mnzake. Ena amafika pokaniratu kholo limene ankalikonda, ukawafunsa chifukwa amangobwereza mawu a akuluakulu, mawu amene mwana sangawapeke yekha. Ndipo ana otere akakula n'kumva mbali inayo, mkwiyo wawo kawirikawiri umagwera amene anawatsekera njira.

Malangizowa ndi a mayi kapena bambo amene akukhala ndi mwana, a amene amangomuona pa tchuthi, komanso a agogo ndi ankhoswe, pakuti kwathu kuno banja silitha pakati pa anthu awiri okha.

Gawo 1: Vomerezani kuti ufulu woona makolo onse ndi wa mwanayo

Yambirani apa chifukwa mikangano yambiri imachokera pa mawu akuti "mwana ndi wathu". Kumene kuli chikamwini amati ana ndi mbumba ya atsibweni awo, bambo anali mlendo pamudzi. Kumene amalowola, monga m'madera ambiri a kumpoto ndi ku Chigwa cha Shire, amati ng'ombe kapena ndalama zinapita, tsono ana ndi a kuchimuna. Miyambo iwiriyi ili ndi nzeru zake pa nkhani ya malo ndi udindo, koma siingagwiritsidwe ntchito pomana mwana kholo lake.

Ndime 23 ya Malamulo Aakulu a dziko la Malawi imati ana ali ndi ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo, ndipo imati pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo uzikhala patsogolo. Kuchokera mu 2017, mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola kholo kupempha khoti la ana kuti lizikhala ndi mwana kapena kuti lizimuona nthawi ndi nthawi, ndipo khoti limamvanso maganizo a mwanayo n'kuyesetsa kuti ana a mimba imodzi asalekanitsidwe. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene Malawi analivomereza mu 1991, limanenanso pa ndime 9 kuti mwana wolekana ndi kholo azilumikizana nalo pafupipafupi, pokhapokha ngati kutero kungamuvulaze.

Choncho mukalola mwana kupita kwa bambo ake kapena kwa mayi ake, musadzione ngati mwachitira chifundo munthu amene anakulakwirani. Mwangopereka kwa mwana chimene chili chake kale.

Gawo 2: Panganani msanga, ndipo lembani

Musadikire tsiku lotsekera sukulu. Za tchuthi cha Khirisimasi zikambidwe kumayambiriro kwa Novembala, za tchuthi chachitali cha Julayi ndi Ogasiti zikambidwe mu Juni. Ngati simungathe kulankhulana popanda kukwezerana mawu, lemberanani uthenga pa WhatsApp, kapena itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ntchito ya ankhoswe siitha tsiku losudzulana ngati pali ana. Ngati ankhoswewo analowa nawo m'mkangano, pemphani mkulu wa mpingo, shehe, a mfumu, kapena wogwira ntchito ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.

Panganolo litchule masiku enieni. Mawu akuti "adzabwera ikatha Khirisimasi" ndi amene amabala ndewu, chifukwa wina amamva pa 26 Disembala, wina amamva sukulu ikamatsegulira. Lembani tsiku lonyamuka, tsiku lobwerera, amene adzamutenge, malo okumanirana, ndi amene adzalipire thiransipoti ulendo wopita ndi wobwera. Njira imene imachepetsa mkangano ndi yosinthana: chaka chino Khirisimasi kwa mayi, Chaka Chatsopano kwa bambo, chaka chamawa mutembenuze. Mabanja achisilamu angachite chimodzimodzi ndi Eid ziwiri zija. Mwana wakhanda kapena woyamwa sangachoke masabata awiri. Kwa iye ndi bwino maulendo aafupi, a tsiku limodzi, koma obwerezabwereza.

Pali zinthu zina zimene anthu amaziiwala mpaka zitawaphulikira. Kabuku ka kuchipatala kapite ndi mwana. Ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, munthu wamkulu wa komwe akupitako adziwe nthawi yake ndipo mankhwalawo akwane masiku onse. Ndikudziwa kuti nkhani ya ma ARV ndi yovuta pamene makolo amalozana chala za amene anabweretsa kachilombo, koma mwana kudumphitsa mankhwala milungu itatu chifukwa akuluakulu sakulankhulana ndi ngozi imene siyenera kuchitika. Disembala ndi nyengo ya mvula ndi udzudzu, tsono funsani ngati kuli neti. Ngati mwana ali mu Sitandade 8, Folomu 2 kapena Folomu 4, gwirizanani za nthawi yowerenga.

Nkhani yaikulu pa tchuthi chachitali ndi chinamwali. M'madera ambiri ana amalowa ku simba, ku jando, ku nsondo kapena ku dambwe nyengo imeneyi. Kulowetsa mwana kumeneko kholo linalo lisakudziwa, kapena kumubatiza mu mpingo wina, kumusintha dzina, kumusamutsa sukulu, ndi zinthu zimene sizibwereranso m'mbuyo, ndipo zimathetseratu kukhulupirirana. Lembani poyera kuti zotere sizichitika popanda onse awiri kuvomera. Chimodzimodzi ulendo wotuluka m'dziko. Makolo ambiri ali ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain ndipo amafuna mwana akawaone. Ngati mwavomera, pakhale kalata yosainidwa ya chilolezo, tikiti yobwerera, adiresi ndi nambala ya foni ya komwe akakhale.

Mwana wamkulupo mumufunse maganizo ake pa masiku ndi zochita, koma musamufunse kuti "ukufuna kwa ndani?" Funso limeneli limamusenzetsa mlandu wosankha kholo limodzi n'kutaya lina. Akuluakulu gwirizanani, kenako mumuuze, makamaka ndi mawu ofanana mbali zonse.

Gawo 3: Ndalama za chithandizo zikhale nkhani payokha

"Sanatumize fizi, ndiye asamuone." Mawuwa ndimawamvetsa. Mayi amene wavutika yekha ndi fizi, yunifolomu ndi ufa miyezi yonse, n'kuona bambo akutulukira mu Disembala ndi nsapato zatsopano ndi zakumwa, ali ndi chifukwa chokwiyira. Ndime 23 yomwe ija imanena kuti mwana ayenera kulandira chithandizo kwa makolo ake, kaya ali pabanja, sanakwatirane, kapena banja linatha. Kholo losathandiza likasumireni ku khoti la ana kapena kwa majisitireti, ndipo ngati mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu. Koma mukamugwira mwana ngati chikole cha ngongoleyo, wolangidwa ndi mwanayo: fizi analibe, tsopano bambo alibenso.

Nanunso abambo, kapena amayi amene mumatumiza, musanene kuti "sindituma kanthu mpaka ndimuone". Tumizani pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo tumizani kwa munthu wamkulu. Mwana asatumidwe kukanena kuti "amayi akuti ndalama ya fizi". Akabwera chimanjamanja amadziona ngati walephera ndi iyeyo.

Gawo 4: Sungani pakamwa, ndipo muuze abale anu achite chimodzimodzi

Gawo ili ndi lovuta kuposa onse, chifukwa kudanitsa mwana ndi kholo lake sikuchitika ndi mawu aakulu okha. Kumachitika ndi tsinya limene mumachita foni ikalira n'kuoneka dzina la bambo ake. Kumachitika mukamati "pita, ine nditsala ndekha kuno, koma usadandaule za ine". Kumachitika mukabisa mphatso imene mayi ake anatumiza, mukamuuza kuti "sanaimbe" pamene anaimba, mukamuphunzitsa kuitana mwamuna wanu watsopano kuti adadi ndi kumutchula bambo ake omubereka ndi dzina lokha. Kumachitika mukakonza ulendo wa ku nyanja pa masiku omwewo amene amayenera kupita kwa amayi ake, n'kumuuza kuti asankhe yekha.

Ndipo nthawi zambiri amene amawononga kwambiri ndi abale. Agogo akakhala pakhonde n'kumakamba za "chitsiru chija" mwana akusenda chimanga pambali, amaganiza kuti sakumva. Azakhali amati "magazi a kwa bambo akowo" mwana akalakwitsa kanthu. Khalani nawo pansi tchuthi chisanayambe, muwauze mwaulemu koma mosabisa: "Amayi, zimene anandichita bambo a mwanayu mukuzidziwa, ndipo sindikuti muziiwale. Koma pamaso pa mdzukulu wanu tisazikambe. Akamva zimamudwalitsa." Agogo ambiri amamva mukawaonetsa kuti wovulala ndi mdzukulu wawo.

Chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musaopseze mwana ndi ufiti kapena mankhwala. Kumuuza kuti kwa mayi omupeza akamudyetsa zoipa, kapena kuti agogo a kuchimuna amatamba, kumamuika m'nyumba yachilendo ali ndi njala ndi mantha, akukana nsima, akugona maso ali gwa. Mantha amenewa sachoka tchuthi chikatha.

Nanga mwana akafunsa chifukwa chimene munasiyanirana? Simukuyenera kunama kapena kuyamikira munthu amene anakuzunzani. Yankho lalifupi likwanira: "Ine ndi bambo ako tinalephera kukhala limodzi. Ndi nkhani ya akuluakulu, iwe sunalakwe chilichonse, ndipo uli ndi ufulu wowakonda." Za zibwenzi, za ngongole, za kukhoti, kambani ndi mnzanu wapamtima, mlangizi kapena abusa, mwana ali kutali.

Gawo 5: Tsiku la ulendo

Longedzani limodzi, ndi zovala zabwino zomwe, osati zakutha zokha pofuna kuti akamugulire zina. Fikani pa nthawi yake. Ngati kuonana kumadzetsa phokoso, mwana aperekezedwe ndi wachibale amene mbali zonse zimamulemekeza, kapena mukumane pamalo a anthu ambiri monga pa depoti kapena pa tchalitchi. Moni wamba, chikwama, mankhwala, basi. Mlandu uliwonse udikire tsiku lina. Tsanzikanani ndi mawu omumasula: "Ukasangalale, ukawapatse moni agogo, tionana pa 2."

Gawo 6: Inu amene mwalandira mwana

Khalanipo. Ambiri amalimbana kuti mwana abwere, akabwera n'kumusiya ndi mayi omupeza kapena wantchito, iwo ali ku ntchito masana, madzulo ku mowa. Mwana amaona, ndipo chaka chamawa akakana kubwera mudzati amayi ake amudanitsa nanu. Tengani masiku angapo opuma, mudye naye, mupite naye kumunda kapena ku mpira, mumufunse za anzake ndi aphunzitsi ake.

Musamufufuze. "Kunyumba kumabwera ndani? Amayi ako amagona pakhomo? Ndalama ndimatumiza zija amagula chiyani?" Mafunso awa amasandutsa mwana kazitape, ndipo iye amadziwa kuti yankho lililonse lipweteka wina. Mulekeni aimbire kholo linalo pa nthawi imene munagwirizana, ali payekha, foni isali pa sipika. Kamodzi pa tsiku kapena pa masiku awiri n'kokwanira; nanunso otsala kunyumba musaimbe kasanu pa tsiku kufunsa ngati wadya, chifukwa mukumuuza kuti ali pangozi.

Mkazi kapena mwamuna wanu watsopano mukambirane naye mwana asanafike. Asakakamize kuitanidwa amayi kapena adadi, asalange mwanayo ndi mkwapulo, ndipo chakudya, zogona ndi ntchito zikhale zofanana ndi za ana ena a pakhomopo. Disembala ndi nyengo yopalira, ndipo mwana kugwira nawo khasu n'kwabwino, koma ngati waitanidwa kuti adzakhale waganyu kapena wolera makanda pamene enawo akusewera, adzabwerera ndi chilonda. Mphatso gulani monga mungathere, popanda mawu akuti "amayi ako angakugulire zotere?" Zithunzi zake musaziike pa Facebook kapena pa sitetasi ndi mawu obaya kholo linalo. Ana a masiku ano amawerenga, ndipo anzawo amawaonetsa.

Mubwezeni pa tsiku limene munalemba. Kumusunga mpaka sukulu itatsegulira, kapena kumulembetsa sukulu ya kwanuko mwakachetechete, kumapatsa kholo linalo chifukwa chomveka chodzakanira ulendo wina, ndipo khoti silikondwera nazo.

Gawo 7: Akabwerako

Mwana angafike wachete, wamwano pang'ono, kapena wolira. Kusintha nyumba kumatopetsa, ndipo masiku awiri kapena atatu amakhazikika. Musathamangire kunena kuti amuwononga. Mufunseni chimene chinamusangalatsa, ndipo akanena kuti mayi omupeza amaphika bwino mpunga, mezani mate, munene kuti "zili bwino". Akaona kuti nkhope yanu siinagwe, sadzafunikanso kukubisirani zinthu, ndipo tsiku limene kudzachitike choipa chenicheni adzakuuzani. Zovala ndi zidole zimene wabwera nazo azigwiritse ntchito.

Gawo 8: Mwana akakana kupita, fufuzani musanaweruze

Apa pafunika kusamala kwambiri, chifukwa pali ngozi mbali ziwiri. Mwana angakane chifukwa wadzazidwa mawu. Angakanenso chifukwa kumeneko amamenyedwa, amagona ndi njala, amaona kholo litaledzera likuchita ndewu, kapena wina amamugwira malo osayenera. Maganizo akuti kudanitsidwa ndi kholo ndi matenda apadera anayambitsidwa ndi dokotala wa ku America, Richard Gardner, mu 1985, koma mabuku aakulu a madokotala a maganizo sanawalandire ngati matenda. Mu 2023 Reem Alsalem, katswiri wa United Nations pa nkhanza zochitikira amayi ndi atsikana, anachenjeza kuti m'makhoti a maiko ena anthu ankhanza amagwiritsa ntchito mawu amenewa pofuna kuphimba madandaulo enieni a ana ndi amayi awo. Kudanitsa kulipo, timakuona m'midzi ndi m'matauni mwathu. Koma mwana aliyense wokana asamangotengedwa ngati wonamizidwa.

Mufunseni pamalo achete, ndi mafunso osamuika mawu m'kamwa: "Tandiuza, kumeneko zimakhala bwanji?" Mwana amene waona choipa amatchula zinthu zenizeni, malo, nthawi, munthu, ndipo kawirikawiri amakhalabe ndi chikondi chosakanikirana ndi mantha. Wodzazidwa mawu amalankhula ngati wamkulu, amati kholo linalo ndi loipa pa zonse, ndipo amakana ngakhale agogo ndi asuweni amene sanamulakwire. Izi ndi zizindikiro chabe, chiweruzo chisiyireni odziwa. Nthawi zina chifukwa chake ndi chaching'ono: kulibe magetsi, anzake onse ali kuno, amagona yekha m'chipinda chamdima. Zotere zimakonzeka pokambirana, mwina pofupikitsa ulendo kapena kupita ndi mchemwali wake.

Ngati watchula nkhanza, kapena mwaona mabala, musamutumize, ndipo musakayambe ndewu nokha. Pitani naye kuchipatala, kenako ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pa mavuto, ndi yaulere, ndipo mwana amene angathe kuimba yekha ayidziwe. Ngati inuyo munathawa nkhanza, lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limakulolani kupempha khoti chikalata chokutetezani, ndipo mungapemphe kuti kholo linalo lizionana ndi mwana pali munthu wina woyang'anira. Ngati pali kale chigamulo cha khoti chonena za masiku oonana, bwererani ku khotiko mukapemphe kuti chisinthidwe, musangochinyalanyaza.

Gawo 9: Ngati ndinu amene mukumanidwa mwana

Zimawawa kugula malaya a Khirisimasi n'kuuzidwa pa 23 kuti "wadwala" kapena "wakana yekha", chaka ndi chaka. Poyamba dzifunseni moona ngati palibe chimene mwana akuthawa kwa inu: ukali, mowa, malonjezo osakwaniritsidwa. Ngati chilipo, konzani ndipo mupepese kwa mwanayo mwachindunji.

Kenako pewani zinthu zitatu zimene mtima udzakuuzani kuchita. Musakamutenge mwakuba ku sukulu kapena panjira. Musakachite phokoso pakhomo pa eni ake. Musabwezere pomuuza mwana zoipa za amayi ake kapena bambo ake, ngakhale atakulankhulani mwachipongwe ndi mawu amene mukudziwa komwe achokera. Muyankheni modekha: "Ndamva kuti wakwiya nane. Ine ndimakukonda, ndipo ndidzaimbanso Loweruka." Loweruka likafika, imbani, ngakhale asayankhe.

Sungani umboni: mauthenga opempha kuona mwana, mayankho ake, masiku amene munakanizidwa, mauthenga a ndalama zimene munatumiza. Pitirizani kulipira fizi, kaonekereni pa misonkhano ya makolo ku sukulu, aphunzitsi akudziweni. Yambani ndi ankhoswe. Zikakanika pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti akuyanjanitseni. Zikakanikanso kapempheni khoti la ana kuti lilembe masiku oonana ndi mwana, kuphatikizapo a tchuthi, ndi tsiku ndi ola lake. Milandu imatenga nthawi ndipo kumapeto kwa chaka zinthu zimayenda pang'onopang'ono, choncho ngati Khirisimasi ino yakudutsani, kalembetseni nkhaniyo mu Januwale kuti pofika tchuthi cha Pasaka mukhale muli ndi pepala m'manja.